Ntchito Yotidzutsa M'mawa Tiichotse pa Foni

M'chipinda chimene ndinkachita lendi ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, zaka zingapo zapitazo munali soketi imodzi yokha, ndipo inali kuseri kwa bedi, cha kumutu. Pa soketiyo tinalumikizapo ekisitenshoni ya mabowo asanu, ndipo usiku uliwonse mabowo onsewo ankadzaza ndi ketulo, hita, tchaja yanga, tchaja ya mphwanga, ndi ya mnzathu wa ku Mangochi amene ankagona pa matiresi pansi. Nthambo ya tchaja yanga inali yaifupi moti foni sinkafika patebulo, choncho ndinkaiika pansi pa pilo, ndipo ndinkaona kuti ndachita bwino chifukwa alamu ikalira 4 koloko ndinkaimva msanga. Usiku wina m'mwezi wa Julayi ndinadzidzimuka tsaya likutentha. Nditanyamula pilo ndinapeza foni yatentha moti sindikanatha kuifumbata, kumsana kwake kutatupa pang'ono ngati ndanda yofufuma, ndipo pansalu ya pilo, pomwe panagunda mutu wa nthambo, panali kadontho kofiirira ngati pamene pagwera phulusa la fodya. Tchajayo ndinali nditaigula motchipa kwa wogulitsa wina wa mumsewu m'tauni, ndipo inalibe dzina la kampani iliyonse. Moto sunabuke usiku umenewo, koma m'chipindamo tinalimo anthu atatu, chitseko chinali chokiya, ndipo pazenera panali zitsulo.

Kuchokera usiku umenewo ndili ndi maganizo amene sindinawasinthe, ndipo ndikufuna ndiwafotokoze kwa abale anga amene tili nawo kuno ku Joni. Foni isamagone pabedi, ndipo isamatchajidwe usiku wonse pakati pa zofunda. Ndikudziwa kuti kungonena choncho sikuthandiza, chifukwa aliyense amene ndamuuzapo amandifunsa kuti ndiye azidzuka bwanji. Funsolo n'loona, ndipo ndi pamene pagona nkhani. Timagona ndi foni chifukwa tinaipatsa ntchito yotidzutsa, ndipo ntchitoyo ikadali pa foni, palibe malangizo amene angaichotse kumutu kwa bedi. N'chifukwa chake ndikunena kuti tibwerere ku kachipangizo kamene ambiri akukayesa kachikale, wotchi ya alamu yokhala ndi wailesi.

Amene sanakhaleko kuno sangadziwe kulemera kwa kudzuka pa nthawi yake mumzinda uno. Kumudzi tambala amalira, belu la kutchalitchi limaimba, mwazini amaitana kumzikiti, ndipo ngakhale zonsezi zitakuphonya, phokoso la mitondo ndi la amayi opita kumjigo limakudzutsa. Ukachedwa kumunda ndi ola limodzi, munda suthawa. Ku Johannesburg m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko, pamene munthu wogwira ntchito m'nyumba kapena m'galadeni ya bwana ku Randburg kapena ku Fourways amayenera kukhala atakwera kale takisi yoyamba yolowa m'tauni, ataima pamzere ku renki ya Bree, ndipo ali m'takisi yachiwiri. Mdima wa 4 koloko ndi wa 6 koloko susiyana, ndipo kuzizira kwa mzinda uno, umene uli pamtunda wa mamita opitirira 1,700 kuchokera pamwamba pa nyanja, kumachititsa kuti thupi likakamire m'bulangete. Wogonereza amataya malipiro a tsiku limenelo, ndipo akabwereza kawiri kapena katatu amataya ntchito, popeza pageti pamakhala ena amene akuidikira. Ambiri mwa abale athu, makamaka amene mapepala awo sanalongosoke, amaopa ngakhale kukadandaula. Lendi, chakudya, ndi ndalama imene mayi akuidikira ku Ntcheu kapena ku Nkhata Bay, zonsezi zapachikika pa kulira kwa alamu.

Tsono taonani chinthu chimene tachisenzetsa udindo waukulu chonchi. Foni yomweyo ndi imene yakhala ikugwira ntchito tsiku lonse: yalandira mauthenga a bwana, yatumiza ndalama pa Mukuru, yaimba nyimbo m'takisi, yawunikira njira ngati tochi, ndipo pofika madzulo batire limakhala litatsala pang'ono kutha. Kuti ilire m'bandakucha iyenera kutchajidwa usiku, ndipo kuti itchajidwe pafunika magetsi asazime, nthambo isasolotoke, ndiponso mnzako asazule tchaja yako kuti aikepo yake. Chimodzi mwa zimenezi chikalakwika, foni imazima anthu ali m'tulo tofa nato, ndipo mafoni ambiri amakono akazima alamu salira. Mafoni akale a Nokia aja ankatha kulira ngakhale utawathimitsa, koma ambiri mwa amene tili nawo leroli sachita zimenezo. Mphwanga uja anaphonyapo ntchito chifukwa chakuti nthambo inali itathyokera m'kati, moti foni inkaonetsa kuti ikutchaja pamene iye ankagona, koma itagwedezeka pang'ono inasiya.

Pano ndiyenera kuvomereza mfundo yamphamvu ya amene amanditsutsa, chifukwa akunena zoona. Chizolowezi chotchaja usiku sitinachiyambe mwa ulesi ayi. Kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana kumene Eskom, kampani ya magetsi ya kuno, inayamba mu 2007, kumene kunafika poipitsitsa mu 2023, kunatiphunzitsa kuti magetsi akayaka, chilichonse chikhale pa soketi. Tinkayang'ana EskomSePush, pulogalamu ya pa foni yosonyeza nthawi yozima magetsi, ngati mmene mlimi amayang'anira mitambo, ndipo nthawi zambiri maola odalirika otchajira ankakhala a usiku. Ngakhale kuti kuyambira mu Malichi 2024 vutoli linachepa kwambiri, magetsi amazimabe m'madera ambiri chifukwa cha kubedwa kwa nthambo, kuwonongeka kwa mathiransifoma, komanso kuchepetsa magetsi kumene kumachitika m'madera okhala anthu ambiri. Ndipo pa vuto limeneli, wotchi ya wailesi yapasoketi ndi yofooka kuposa foni. Aliyense amene anakhalapo nayo amadziwa manambala ofiira aja, 12:00, akuphethira mumdima magetsi atazima n'kuyakanso, nthawi itasokonekera ndipo alamu itafufutika.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe kake. Mawotchi ambiri a mtundu umenewu alibe chowerengera nthawi chawochawo, koma amawerenga kugunda kwa magetsi a m'nthambo, amene kuno ngakhalenso kwathu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Amadalira kugunda kumeneku kotheratu, moti mu 2018, mkangano wa pakati pa Serbia ndi Kosovo pa nkhani ya magetsi utachititsa kuti liwiroli litsike pang'ono, mawotchi otere m'mayiko ambiri a ku Ulaya anatsalira ndi mphindi pafupifupi 6. Magetsi akazima, wotchiyo imakhala ilibe choti iwerenge. Opanga anaikamo malo a batire kunsi kwake, nthawi zambiri batire lamakona lija la 9V, koma anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kunsiko kuli kachitseko, ndipo ena amene amadziwa sazindikira kuti m'mawotchi ambiri batirelo limangosunga nthawi, siliimbitsa wailesi kapena alamu magetsi kulibe. Choncho sindikunena kuti mugule wotchi iliyonse imene mwaipeza pa shelefu kapena m'sitolo ya katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Yofunika kuno ndi imene imayendera mabatire a AA payokha, kapena imene imalira ngakhale itazulidwa pa soketi. Njira yodziwira ndi yapafupi: muikemo batire, mutchere alamu kuti ilire pakapita mphindi ziwiri, muzule pulagi, ndipo mudikire wogulitsayo akuona. Ikakhala chete, isiyeni pomwepo.

Pa nkhani ya batire la foni pali zonena zambiri zimene si zoona, ndipo sindikufuna kuwonjezerapo mantha opanda maziko. Foni yabwinobwino siipitiriza kumwa moto ikadzaza, chifukwa m'kati mwake muli kachipangizo kamene kamadula motowo batire likafika pa 100 peresenti. Chimene chimakalambitsa batire la lithium-ion, limene limakhala m'mafoni a masiku ano, ndi zinthu ziwiri, kutentha ndi kukhala lodzaza thothotho kwa maola ambiri, ndipo kutchaja usiku wonse pansi pa pilo kumabweretsa zonse ziwiri pamodzi. Opanga mafoni eniake akudziwa zimenezi. Apple inaika mu iOS 13, pulogalamu yoyendetsa mafoni ake a iPhone, m'chaka cha 2019, njira yoti foni iziima pa 80 peresenti usiku n'kumalizitsa pamene mwini wake watsala pang'ono kudzuka, ndipo mafoni a Samsung ali ndi posankha pamene munthu angauze foni kuti isapitirire 80 kapena 85 peresenti. Apple yomweyo imanena kuti kutentha kopitirira madigiri 35 kungawonongeretu mphamvu ya batire, ndipo m'malangizo ake imachenjeza kuti foni imene ili pa tchaja isaikidwe pansi pa pilo, pansi pa bulangete kapena pansi pa thupi. Munthu amene wagula foni mwa ngongole kapena wasunga ndalama miyezi itatu kuti aipeze ayenera kuziganizira zimenezi, chifukwa batire limene likanatha zaka zitatu lingafooke msanga, ndipo mafoni a masiku ano sachotsedwa batire ndi manja ngati akale aja.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tchaja. Kabokosi kameneka kamalandira mphamvu ya magetsi ya 230V kuchokera kukhoma n'kuitsitsa kufika pa 5V kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo pakati pa mbali ziwirizi payenera kukhala chotchinga chokwanira. Matchaja otchipa kwambiri, amene amayalidwa pansi m'misewu ya m'tauni pamodzi ndi maloko ndi zopesera, nthawi zambiri amatchipa chifukwa chakuti zotetezazo anazichepetsa. Onjezerani pamenepo ziphaliwali za dzinja la ku Gauteng, ndi kubwera mwamphamvu kwa magetsi akakhala kuti anazima, zimene zapsereza mawailesi akanema ndi mafiriji a anthu ambiri. Ngakhale katundu wa kampani yaikulu angathe kulakwika, monga zinachitikira mu 2016 pamene Samsung inaitanitsa mafoni onse a Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankayaka. Ngozi yotere siichitika kawirikawiri, ndipo mamiliyoni a anthu amatchaja usiku uliwonse popanda vuto. Kusiyana kwake n'kwakuti foni ikayaka ili pa simenti kapena pa mbale yadothi, mumataya foni yokha, koma ikayaka ili pa matiresi a siponji, pakati pa mabulangete awiri, munthu ali m'tulo, nkhani imakhala ina. Chakudza sichiimba ng'oma.

Ndipo tisaiwale nyumba zimene ambiri a ife tikukhalamo. Ndi zipinda za kuseri kwa nyumba za eni, zisakasa za malata ku Diepsloot ndi ku Alexandra, mafulati a ku Hillbrow ndi ku Yeoville ogawidwa ndi makatani kapena matabwa, momwe moto wa m'chipinda chimodzi sukhala wa chipinda chimodzi. Pa 31 Ogasiti 2023 anthu 76 anafa pa moto wa m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, ndipo pakati pawo panali Amalawi anzathu. Moto umenewo sunayambe ndi foni, ndipo sindikuutchula kuti ndiufanizire ndi kadontho ka pa pilo wanga. Ndikuutchula chifukwa unatisonyeza tonse mmene zimavutira kutuluka usiku m'nyumba yodzaza anthu, yokhala ndi mageti okiya ndi zitsulo m'mazenera. Wokhala m'malo otere alibe mwayi wosewera ndi kanthu kalikonse kotentha pabedi.

Pali china chimene foni imatilanda mwakachetechete, ndipo ndi tulo. Akatswiri amalangiza kuti munthu wamkulu azigona maola osachepera 7, kutanthauza kuti wodzuka 4 koloko ayenera kukhala atagona pofika 9 koloko usiku. Ndi angati mwa ife amene amatero? Munthu amatenga foni kuti atchere alamu, ndiye amapeza mauthenga a pa gulu la banja, a pa gulu la mpingo, a pa gulu la anthu a kumudzi kwawo, ndi mawu ojambula a mlamu amene akufotokoza za mtengo wa feteleza. Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, choncho ola limene ife tikufuna kugona ndi lomwelo limene achibale kwathu amaliza chakudya chamadzulo n'kuyamba kucheza. Kuchoka apo munthu amalowa pa Facebook kapena TikTok, ndipo akamadzazindikira, 11 koloko yakwana. Kuwala kwa foni pafupi ndi maso nakonso kumachedwetsa tulo, koma ine ndimaona kuti choipa kwambiri ndi zimene timawerengazo. Uthenga wopempha ndalama ya fizi ukafika 10 koloko usiku, palibe chimene ungachite mpaka kutacha, komabe mtima sungagone. Mawa lake munthu yemweyo akwera makwerero kukapenta denga, agwira makina odulira udzu, ayendetsa njinga yamoto yoperekera chakudya pakati pa magalimoto, kapena alera khanda la bwana, maso akulemera. Wotchi ilibe mauthenga. Ukaitchera kamodzi, imakhala chete mpaka nthawi yake, ndipo ukadzidzimuka usiku n'kufuna kudziwa nthawi, umangoona manambala n'kugonanso.

Wina angafunse kuti bwanji osangogula wotchi wamba ya belu, ndipo ndinganene kuti imeneyonso ndi yabwino. Koma wailesi ili ndi phindu lake kwa mlendo. Mphindi 20 zimene munthu akutenthetsa madzi ndi kuvala ndi zimene angamve ngati matakisi akunyanyala, ngati msewu wa M1 watsekeka, ngati kwinakwake kuli zionetsero zimene munthu wakunja ayenera kuzilambalala, kapena ngati madzi asiya kutuluka m'dera lake. Zonsezi zimafika popanda kuwononga data, ndipo manja amakhala akugwira ntchito. Wailesi ya 702 imamveka pa 92.7 FM ndipo Kaya imamveka pa 95.9 FM, pamene Ukhozi FM ya Chizulu ndi Lesedi FM ya Chisutu zimazoloweretsa khutu zilankhulo zimene timakumana nazo m'takisi ndi pa ntchito. Ine Chizulu chochepa chimene ndimayankhula, gawo lalikulu ndinachitola m'mamawa motere. Ambiri a ife tinakula ndi wailesi ya Nzeru ya bambo, yokutidwa ndi kansalu, imene banja lonse linkaizungulira nthawi ya Nkhani za M'maboma, choncho kudzuka ndi mawu a wailesi si chinthu chachilendo kwa ife. Chimene wailesi ya pambali pa bedi singatipatse ndi mawu a kwathu. MBC ndi Zodiak sizifika kuno pa FM, ndipo Channel Africa ya SABC, imene inkaulutsa mapulogalamu a Chinyanja pa shortwave, inachoka pa mafunde amenewo malo oulutsira a ku Meyerton atatsekedwa mu 2019. Za kwathu tizimvera pa intaneti, koma nthawi yake yabwino ndi madzulo, foni ili pa tchaja patebulo, nsima ili pamoto.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi cha uthenga wa usiku. Aliyense amene ali kutali ndi kwawo amagona ndi mantha akuti foni ingalire pakati pa usiku ndi nkhani ya matenda kapena ya maliro, ndipo sangafune kuti adzamve kutacha kuti anamuimbira kasanu iye osayankha. Palinso chitetezo, chifukwa mbava zikagogoda umafuna kuimbira apolisi pa 10111 kapena nambala ya zangozi ya 112 mosataya nthawi, komanso m'chipinda chogona anthu ambiri si onse amene ungawakhulupirire moti n'kusiya foni patali. Sindikunena kuti foni izithimitsidwa kapena izigona kukhitchini. M'zipinda zathu zing'onozing'onozi, mpando umene uli masitepe awiri kuchokera pabedi ndi wokwanira kuti foni imveke ikalira, koma dzanja lisaifikire mwachizolowezi. Mafoni ambiri ali ndi Do Not Disturb, imene imatontholetsa magulu onse a WhatsApp koma n'kulola manambala amene mwasankha, monga ya amayi, ya akazi anu kapena ya achimwene, kuti alowe. Amene akuopa wakuba angaiike m'kabati yokiya pafupi ndi bedi, itachotsedwa pa tchaja. Za kusokoneza mnzako amene wagwira ntchito ya ulonda usiku ndipo akugona m'mawa, alamu ya foni nayonso imamudzutsa, ndipo wailesi yotsitsidwa mawu imapweteka khutu pang'ono kuposa belu.

Pa za ndalama sindinganame kuti wotchi imapulumutsa magetsi. Yuniti imodzi ingadzaze foni maulendo pafupifupi 40, pamene wotchi yapasoketi, chifukwa imayaka usana ndi usiku, ingadye mayuniti pafupifupi awiri pamwezi, ndipo ya mabatire imafuna mabatire. Koma mtengo wa wotchi ndi mabatire ake a chaka chonse ndi wochepa poyerekeza ndi malipiro a masiku awiri otayika, kapena ndi mtengo wosinthitsa batire la foni.

Panopo ndimakhala ku Turffontein, ndipo ndikafika kunyumba madzulo ndimaika foni pa tchaja yake yeniyeni, pamwamba pa mbale yadothi imene ili patebulo. Pamene ndikuphika, kudya ndi kutsuka mbale, maola awiri amakhala atakwana, ndipo mafoni a masiku ano safuna nthawi yoposa pamenepo kuti apeze moto wa tsiku lotsatira. Ndisanagone ndimazula tchaja pa soketi. Wotchi yanga imayendera mabatire a AA, amene ndimawasintha mwezi wa Meyi kuzizira kusanayambe, ndipo imandidzutsa hafu pasiti 4 ndi nkhani za pamsewu. Mphwanga sanavomerebe zogula wotchi, ndipo amati foni yake yatsopano siingamukhumudwitse. Chimene anandilola n'chakuti ndimugulire nthambo yaitali ya mamita awiri, moti tsopano foni yakeyo imagona pampando wachitsulo kumiyendo kwa bedi, ndipo ikalira amayenera kudzuka kuti akaizimitse.